Kasungidwe ka marekodi pa yunivesite

Kasungidwe ka marekodi pa yunivesite ndi ntchito yoyang'anira zikalata ndi zolembedwa zonse zimene sukulu ya ukachenjede imapanga kapena kulandira pogwira ntchito zake, kuyambira tsiku limene zalembedwa mpaka tsiku limene zawonongedwa kapena kuikidwa m'nkhokwe ya zikalata zakale. Ntchitoyi imayankha mafunso atatu: chosungidwa n'chiti, chikhale zaka zingati, ndipo ali ndi udindo pa icho ndani.

Ambiri amayesa kuti kusunga bwino marekodi ndi kusataya pepala lililonse. Sizili choncho. Yunivesite imene imasunga chilichonse imadzaza zipinda ndi makatoni, ndipo tsiku limene munthu wabwera kudzafuna zotsatira za mayeso amene analemba zaka 30 zapitazo, chikalata chakecho sichipezeka chifukwa chakwiririka pansi pa mafomu opempha tchuthi ndi malisiti a mafuta a galimoto. Mutu wa ntchitoyi ndi kusankha: zochepa zofunika kwambiri zisungidwe mpaka kalekale, zambiri zotsalazo ziwonongedwe mwa dongosolo nthawi yake ikakwana.

## Rekodi n'chiyani

Si pepala lililonse la muofesi limene lili rekodi. Rekodi ndi cholembedwa chimene chimaima ngati umboni wakuti chinthu china chinachitika, chinagamulidwa kapena chinalipidwa. Kapepala kamene mphunzitsi walembapo zoti akumbuke m'kalasi si rekodi ya yunivesite. Koma pepala la malikisi limene wasainira n'kupereka kwa mkulu wa dipatimenti ndi rekodi, pakuti digiri ya munthu yatsamira pamenepo. Zilibe kanthu kuti cholembedwacho chili pa pepala, mu imelo, m'kompyuta, pa chithunzi kapena pa tepi.

Muyezo wa ISO 15489, umene unatuluka koyamba mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2016, umatchula zinthu zinayi zimene rekodi yabwino iyenera kukhala nazo. Ikhale yeniyeni, kutanthauza kuti inachokeradi kwa amene akuti anailemba, pa nthawi imene akuti inalembedwa. Ikhale yodalirika, yonena molondola zimene zinachitika. Ikhale yathunthu, yosasinthidwa mwamseri. Ndipo ikhale yoti n'kupezeka ndi kuwerengeka ikafunika. Chachinayichi ndi chimene chimagwetsa maofesi ambiri, chifukwa fayilo imene ilipo koma palibe akudziwa pamene ili sisiyana ndi fayilo yotayika.

Marekodi a yunivesite ndi amitundumitundu. Pali a ulamuliro, monga lamulo lokhazikitsa sukuluyo ndi maminitsi a Khonsolo ndi Seneti. Pali a ophunzira, a antchito, a chuma, a kafukufuku, a malo ndi nyumba, komanso a kuchipatala cha pasukulupo. Pa mayunivesite ambiri a m'mayiko amene anatsata dongosolo la ku Britain, kuphatikizapo Malawi, mlonda wamkulu wa marekodi ndi Registrar, amenenso amakhala mlembi wa Khonsolo ndi Seneti.

## Chiyambi chake

Mayunivesite akale a ku Ulaya ankasunga zikalata zawo m'mabokosi amatabwa okhoma, nthawi zambiri m'tchalitchi. Zikalatazo zinali za ufulu umene mafumu ndi apapa anawapatsa, ndiye pa mkangano uliwonse ndi anthu a m'tauni zinali ngati chida. Adani awo ankadziwanso zimenezi. Mu 1381, pa nthawi ya kuukira kwa alimi ku England, anthu a m'tauni ya Cambridge anatenga zikalata za yunivesite n'kuzitentha pamsika. Ku Oxford udindo wa wosunga zikalata unakhazikitsidwa mu 1634, ndipo woyamba kuugwira anali Brian Twyne. Yunivesite ya Heidelberg ku Germany ili ndi kaundula wa ophunzira woyambira mu 1386, chaka chimene inatsegulidwa.

Kasungidwe ka makono kanabwera mochedwa, ndipo sikanayambire pa yunivesite. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi pambuyo pake, boma la United States linali ndi mapepala ochuluka kuposa malo osungira, motero akatswiri a ku National Archives ya dzikolo anayamba kufunafuna njira yosankhira. Mmodzi mwa iwo, Theodore Schellenberg, analemba buku la *Modern Archives* mu 1956, m'mene anasiyanitsa phindu la rekodi kwa ofesi imene inaipanga ndi phindu lake kwa anthu ena a m'tsogolo. Maganizo amenewa akugwirabe ntchito mpaka lero.

## Moyo wa fayilo

Akatswiri amakonda kufanizira rekodi ndi chamoyo: imabadwa, imagwira ntchito, imakalamba, kenaka imafa kapena imasanduka chuma cha mbiri.

Pa gawo loyamba fayilo imakhala muofesi kapena ku rejisitiri, pamene imatsegulidwa kawirikawiri. Apa m'pamene iyenera kupatsidwa nambala ndi mutu motsata dongosolo limodzi la yunivesite yonse, osati mmene kalaliki aliyense wafunira. Fayilo ikatuluka kupita kwa bwana, pamalo pake pamatsala khadi losonyeza amene waitenga ndi tsiku. Kachitidwe kameneka kamaoneka kachikale, koma mafayilo ambiri osowa amasowera m'madirowa a akuluakulu, osati m'manja mwa akuba.

Pa gawo lachiwiri fayilo yatsekedwa koma ikhoza kufunikabe mwa apo ndi apo, mwachitsanzo fayilo ya wophunzira amene anamaliza chaka chathachi. Imeneyi imachoka muofesi kupita kumalo osungirako mafayilo otsekedwa, kumene imaikidwa m'bokosi lolembedwa nambala, ofesi yochokera ndi chaka chimene idzaunikidwenso. Gawo lachitatu ndi la chigamulo: kuwononga kapena kusunga mpaka kalekale.

Mu 1996 Frank Upward wa ku Monash University ku Australia anabweretsa kaganizidwe kena, kotchedwa records continuum. Iye ankati magawowa sayenda motsatizana bwinobwino, makamaka pa kompyuta, pamene cholembedwa chimodzi chikhoza kukhala cha ntchito ya lero komanso cha mbiri pa nthawi imodzi. Phunziro lake lenileni ndi lakuti tsogolo la rekodi liyenera kuganiziridwa tsiku limene ikupangidwa, osadikira kuti kabati idzaze.

## Mndandanda wa nthawi yosungira

Chida chachikulu pa ntchito yonseyi ndi mndandanda wa nthawi yosungira, umene pa Chingerezi umatchedwa retention schedule. Mndandandawu umatchula mtundu uliwonse wa marekodi, ofesi imene imasunga kope lenileni, zaka zosungira, tsiku loyambira kuwerenga zakazo, ndi chochita zikatha. Umavomerezedwa ndi Khonsolo kapena akuluakulu a yunivesite kuti ukhale lamulo kwa onse.

Tsiku loyambira kuwerenga ndi lofunika kuposa mmene limaonekera. Kunena kuti "zaka zisanu ndi chimodzi" n'kosakwanira. Kodi ndi kuchokera pamene kontirakiti inasainidwa, kapena pamene ntchito inatha? Nyumba yogona ophunzira ikhoza kutenga zaka zinayi kumanga, ndipo ngati zaka ziwerengedwa kuchokera pa kusaina, zikalata zidzawonongedwa pa nthawi imene ming'alu yayamba kumene kuoneka m'khoma.

Zaka zosungira sizichokera m'mutu mwa munthu. Zina zimalamulidwa ndi malamulo a dziko okhudza msonkho, ntchito, penshoni ndi kagulidwe ka katundu wa boma. Zina zimatsata nthawi imene munthu ali nayo yokasuma kukhoti. Ku England lamulo la Limitation Act la 1980 limapereka zaka 6 pa milandu ya mapangano, ndipo n'chifukwa chake mayunivesite ambiri a kumeneko amasunga fayilo yonse ya wophunzira kwa zaka 6 atachoka, kenaka n'kutsala ndi mfundo zikuluzikulu zokha. Zina zimachokera kwa opereka ndalama za kafukufuku. Boma la United States limafuna kuti marekodi a chuma cha thandizo lake asungidwe kwa zaka 3 kuchokera pamene lipoti lomaliza la ndalama laperekedwa, pamene lamulo la European Union la 2014 pa kuyesa mankhwala pa anthu limafuna kuti fayilo yaikulu ya kafukufukuyo isungidwe kwa zaka 25. Malamulo akunjawa amakhudzanso mayunivesite a ku Malawi amene amachita kafukufuku wa zaumoyo mogwirizana ndi mabungwe a m'mayikowo.

Pali marekodi amene pafupifupi yunivesite iliyonse imagwirizana kuti sawonongedwa. Awa ndi maminitsi a Khonsolo ndi Seneti, kaundula wa omaliza maphunziro, zotsatira zovomerezedwa za wophunzira aliyense, zikalata za umwini wa malo, mapulani a nyumba, malipoti a pachaka, malipoti a chuma ounikidwa ndi maodita, ndi mabuku ofotokoza maphunziro a chaka chilichonse. Otsirizawa amaiwalika kawirikawiri. Komatu munthu amene akufuna kupitiriza maphunziro kunja amafunsidwa zimene phunziro lakutilakuti linali nazo m'chaka chimene iye analiphunzira, ndipo silabasi ya lero singayankhe funso limenelo.

Gawo losungidwa mpaka kalekale limakhala laling'ono kwambiri. National Archives ya ku United States imasunga zosapitirira 5 pa zolembedwa 100 zilizonse za boma. Vuto lili pa kudziwa kuti zisanuzo ndi ziti, chifukwa phindu la rekodi nthawi zina limaonekera patapita mibadwo. Mu 1838 ansembe a chipani cha Jesuit ku Maryland anagulitsa akapolo 272, ndipo gawo la ndalamazo linabweza ngongole za sukulu imene lero ndi Georgetown University. Kwa olemba ake, zikalata za malondawo zinali za chuma basi. Patapita zaka zoposa 170, zikalata zomwezo zinathandiza kupeza zidzukulu za anthu ogulitsidwawo, ndipo mu 2016 yunivesiteyo inalengeza kuti zidzukuluzo zizipatsidwa mwayi wapadera polowa sukulu. Momwemonso wofufuza mbiri ya Chancellor College pa nthawi imene Jack Mapanje anamangidwa mu 1987, kapena pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi wa mu 2011, amadalira maminitsi ndi makalata amene pa tsiku lolemba ankaoneka ngati ntchito wamba ya muofesi.

## Rekodi ya wophunzira

Pa marekodi onse, amene amakhudza anthu ochuluka ndi a ophunzira. Satifiketi imene munthu amalandira pa mwambo wa kumaliza maphunziro ndi pepala lokongola, koma mphamvu yake ili pa zimene zinatsala ku rejisitiri. Olemba ntchito, mayunivesite ena, mabungwe a akatswiri ndi maofesi a kazembe akafuna kutsimikiza digiri amalembera sukuluyo. Ngati dzina silikupezeka m'kaundula, mwini digiri yeniyeni amaoneka chimodzimodzi ndi amene anagula yake pamsewu.

Malikisi amayenda ulendo wautali asanafike pa transcript. Amachoka kwa mphunzitsi, amaunikidwa ndi woyesa wa kunja, amadutsa ku dipatimenti ndi ku fakote, kenaka Seneti imawavomereza. Pa sitepe iliyonse pakhoza kulowa cholakwika kapena chinyengo. Dandaulo la malikisi osowa, limene ophunzira a m'mayunivesite ambiri a m'chigawo chino amalidziwa, nthawi zambiri gwero lake ndi lakuti malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita anatsalira pa laputopu ya mphunzitsi amene anachoka, kapena kuti wophunzira analemba phunziro limene sanalembetse bwino. Mankhwala ake ndi dongosolo: kaundula wosainira m'chipinda cha mayeso, tsiku lokhazikika loperekera malikisi, ndi lamulo lakuti kusintha kulikonse kwa malikisi kukhale ndi fomu yosonyeza wosintha, chifukwa chake ndi wovomereza.

Mapepala oyankhira mayeso sasungidwa nthawi yaitali. Amafunika mpaka nthawi yochita apilo itadutsa, ndipo mayunivesite ambiri amawawononga pakapita chaka kapena zaka zochepa, n'kusungako ochepa oti oyendera maphunziro aone.

Fayilo ya wophunzira imakhalanso ndi zinthu zachinsinsi: matenda, ulumali, milandu ya mwambo, umphawi wa kwawo umene anafotokoza popempha thandizo. Zimenezi siziyenera kukhala zaka zofanana ndi zotsatira za mayeso. Ku United States lamulo la FERPA la 1974 limapatsa wophunzira ufulu woona rekodi yake pasanathe masiku 45 atapempha, ndipo limaletsa sukulu kuulula zambiri za iye popanda chilolezo chake. Ku Ulaya lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limaletsa kusunga zokhudza munthu kupitirira nthawi imene zikufunikira.

Ku Malawi marekodi a ophunzira alinso ndi mbali ya ndalama. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limatolera ngongole zimene zina zinaperekedwa m'zaka za m'ma 1980. Kuti lipeze amene anakongola, ndi kuti wobweza kale asalipitsidwe kawiri, pamafunika maina ndi manambala a ophunzira amene makoleji analemba kale kwambiri.

## Kuwononga marekodi

Kuwononga ndi gawo la kasungidwe, koma kuli ndi mwambo wake. Ofesi imalemba mndandanda wa mafayilo amene nthawi yawo yakwana, mkulu woyenera amasainira, ndipo ntchito ikatha pamalembedwa chikalata chosonyeza zimene zawonongedwa, tsiku, njira ndi mboni. Chikalata chimenechi chimasungidwa. Tsiku lina khoti likadzafunsa za fayilo inayake, yunivesite imatha kuonetsa kuti inawonongedwa motsata lamulo, osati pobisa mlandu.

Mapepala okhala ndi zachinsinsi amaduladulidwa ndi makina, kusungunulidwa kapena kutenthedwa pamaso pa woyang'anira. Kuwataya kudzala kapena kuwagulitsa pa kilogalamu n'kulakwa kwakukulu, ndipo aliyense amene anagulapo mandasi kapena tchipisi chokulungidwa m'fomu yokhala ndi dzina ndi nambala ya foni ya munthu amadziwa kumene mapepala otere amathera. Makompyuta akale nawonso ayenera kufufutidwa kotheratu asanagulitsidwe, chifukwa kungodina batani lofufutira sikuchotsa zimene zili pa disiki.

Pali nthawi imene kuwononga kumaimitsidwa. Kukakhala mlandu kukhoti, kafukufuku wa maodita kapena wa apolisi, kapena munthu akapempha kuona zikalata motsata lamulo, marekodi onse okhudzidwa amasiyidwa mmene alili ngakhale zaka zawo zitatha. Izi zimayamba pomwe yunivesite yadziwa kuti mlandu ungabwere, osadikira samani.

## Moto, madzi ndi chiswe

Pepala limakonda malo ozizira, ouma ndi amdima. Akatswiri amalangiza kutentha kosapitirira madigiri 20 ndi chinyezi cha pakati pa 35 ndi 50 peresenti, pakuti chinyezi chikadutsa 65 peresenti nkhungu imayamba kumera. M'mayiko otentha zimenezi n'zovuta kuzikwanitsa popanda magetsi odalirika, komabe pali zambiri zotheka ndi ndalama zochepa: mashelefu achitsulo otalikirana ndi khoma, shelefu ya pansi yokwezedwa kuti madzi ndi chiswe zisafike msanga, mabokosi m'malo momanga mafayilo ndi chingwe, mpweya woyenda, ndi kuletsa zakudya m'chipindamo kuti makoswe ndi mphemvu zisaitanidwe. Mapini ndi masitepulo amachita dzimbiri n'kudya pepala. Malisiti a m'makina a kubanki ndi a m'masitolo amafufutika okha, choncho amene ali umboni wa malipiro ayenera kujambulidwa akadali owerengeka.

Moto ndi umene umatenga zonse usiku umodzi. Mu 1919 moto unawononga maofesi a Secretariat ku Zomba pamodzi ndi zikalata zambiri za zaka zoyambirira za boma la atsamunda ku Nyasaland, ndipo olemba mbiri akumvabe kusowa kwake. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku ake. Pa 20 Sepitembala 2020 moto unagwira nyumba yaikulu ya Makerere University ku Kampala, yotchuka ndi dzina lakuti Ivory Tower, m'mene munali maofesi a chuma, a antchito ndi a maodita. Nyumbayo inamangidwanso n'kutsegulidwa mu 2024, koma fayilo yopsa simangidwanso. Pa 18 Epulo 2021 moto wochokera kuphiri la Table Mountain unawononga chipinda chowerengera cha Jagger pa University of Cape Town. Zitseko zotchinga moto zinapulumutsa zambiri zimene zinali m'zipinda za pansi, koma madzi ozimitsira moto anatsikira komweko, ndipo anthu odzipereka anagwira ntchito masiku ambiri akutulutsa zinthu zonyowa m'makireti.

Chifukwa cha ngozi zotere, yunivesite imayenera kudziwiratu marekodi amene singayambenso ntchito popanda iwo, monga zotsatira za ophunzira, kaundula wa malipiro ndi penshoni, ndi zikalata za malo. Amenewa amakhala ndi kope lina kumalo akutali. Kope losungidwa m'chipinda choyandikana, pansi pa denga lomwelo, limapsa limodzi ndi linzake.

## Marekodi a pa kompyuta

Lero mayunivesite ambiri amalembetsa ophunzira, kulandira fizi ndi kutulutsa zotsatira kudzera pa intaneti. Izi zachepetsa mizere, koma zabweretsa mavuto ena. Pepala lolembedwa zaka 100 zapitazo limawerengeka ndi maso okha. Fayilo ya pa floppy disk ya m'zaka za m'ma 1990 imafuna makina ndi pulogalamu zimene sizipezekanso wamba. Choncho marekodi a pa kompyuta amayenera kusamutsidwa nthawi ndi nthawi kupita ku makina atsopano, ndipo osungidwa nthawi yaitali amaikidwa m'mitundu yokhazikika monga PDF/A, umene unavomerezedwa ngati muyezo wa ISO mu 2005. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene yunivesite ikusiya dongosolo lakale la pa kompyuta kupita ku latsopano. Kampani yoika dongosolo latsopano imasamala za ophunzira amene alipo, ndipo a zaka za m'mbuyo akhoza kutsalira pa seva yakale imene sidzayatsidwanso.

Dongosolo labwino limalemba lokha amene analowa, tsiku, ndi chimene anasintha. Popanda zimenezi, kusintha 45 kukhala 65 sikusiya chipsera chilichonse, pamene pa pepala inki yofufutidwa imaoneka. Kubwerekana mapasiwedi pakati pa antchito kumapha chitetezo chimenechi.

Pali lamulo lodziwika la makope: akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kwina. Limodzi liyeneranso kukhala losalumikizidwa ku netiweki. Mu Disembala 2019 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a Maastricht University ku Netherlands, kuphatikizapo ena mwa maseva osungira makope, ndipo yunivesiteyo inalipira ma bitcoin 30, pafupifupi ma euro 200,000, kuti itsegulidwe.

Chovuta china ndi chakuti ntchito zambiri zikuchitikira pa maimelo a eni ake ndi pa magulu a WhatsApp. Chigamulo chopangidwira kumeneko chimachoka limodzi ndi foni ya munthu. Kujambula mapepala akale kuwalowetsa m'kompyuta kumathandiza, koma kokha ngati asanjidwa kaye ndi kupatsidwa maina osakika. Mulu wosokonezeka ukajambulidwa umakhala mulu wosokonezeka wa pa kompyuta.

## Malamulo a ku Malawi

National Archives of Malawi ili ku Zomba. Inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo imagwira ntchito pansi pa lamulo la National Archives la 1975, limene limaipatsa udindo woyang'anira kasungidwe ndi kawonongedwe ka zikalata za boma.

Lamulo la Access to Information la 2017, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limapatsa munthu aliyense ufulu wopempha zimene mabungwe a boma akusunga, ndipo mayunivesite a boma ali m'gululi. Limafuna kuti bungwe lililonse likhale ndi ofisala woyankha zopemphazi, lisunge zolembedwa zake kwa zaka 7, kenaka lizipereke ku National Archives. Woyang'anira lamuloli ndi Malawi Human Rights Commission. Lamulo la Data Protection la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limakokera mbali ina: limateteza zokhudza munthu payekha kuti zisaululidwe kapena kugwiritsidwa ntchito mosayenera. Yunivesite imakhala pakati pa malamulo awiriwa. Mtolankhani akhoza kupempha mmene ndalama zomangira laibulale zinayendera, koma sangapatsidwe malikisi kapena fayilo ya kuchipatala ya wophunzira.

National Council for Higher Education, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, imalembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede, a boma ndi oima paokha. Oyendera a bungweli amadalira marekodi poona ngati ophunzira analowa ndi ziyeneretso zoyenera ndi ngati aphunzitsi ali ndi maphunziro okwanira.

## Yunivesite ikagawika kapena kutsekedwa

Rekodi ya wophunzira iyenera kukhala nthawi yaitali kuposa sukulu imene inailemba, ndipo mbiri ya University of Malawi ikusonyeza chifukwa chake. Yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1964 n'kuyamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, ndipo Soche Hill College ndi sukulu ya za utsogoleri wa boma ya ku Mpemba zinalowa m'menemo. Kamuzu College of Nursing inabwera mu 1979 ndipo College of Medicine mu 1991. Bunda College inachoka mu 2012 kukhala maziko a Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources. Pa 4 Meyi 2021 otsalawo anagawika patatu: Polytechnic inakhala Malawi University of Business and Applied Sciences, makoleji awiri a zaumoyo anakhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi.

Munthu amene anamaliza ku Bunda mu 2005 ali ndi digiri ya University of Malawi, koma malo amene anaphunzirira tsopano ndi yunivesite ina. Pa nthawi yake koleji iliyonse inali ndi rejisitiri yake, pamene Seneti ndi Khonsolo zinali za yunivesite yonse, ndi likulu ku Zomba. Ndiye kuti mbiri ya wophunzira mmodzi inkalembedwa malo awiri. N'chimodzimodzi wantchito amene anagwira zaka 20 pansi pa dzina lakale ndi zaka 5 pansi pa latsopano, amene penshoni yake imafuna kuti zaka zonsezo zilumikizike.

Mfundo imene akatswiri amatsata pa kugawika kotere ndi yakuti marekodi amatsata ntchito: amene watenga ntchito amatenganso mafayilo amene akugwiritsidwabe ntchito. Koma marekodi a bungwe lakale lonse, monga maminitsi a Seneti, sagawidwa tsamba ndi tsamba. Amakhala malo amodzi, ndipo olowa m'malo amapatsidwa makope kapena ufulu wowaona. Zonsezi zimayenera kulembedwa m'pangano losonyeza wosunga chilichonse ndi wosainira transcript ya ophunzira akale.

Sukulu yoima payokha ikatsekedwa chifukwa cha ngongole kapena kulandidwa chilolezo, ngozi imakula, pakuti mafayilo akhoza kutsekeredwa m'nyumba ya lendi kapena kupita kunyumba kwa mwini sukulu. M'zigawo zambiri za United States lamulo limafuna kuti koleji yotsekedwa ipereke marekodi a ophunzira ku nthambi ya boma kapena ku koleji ina. Ku Britain kuli ntchito yotchedwa Higher Education Degree Datacheck, imene imathandiza olemba ntchito kutsimikiza madigiri ndi kudziwa yunivesite imene ikusunga marekodi a sukulu imene inasintha dzina kapena kulowa mu ina.